Raihana ndi Dzuwa la ku Likhubula

Raihana amagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ina ya makatani pa msewu wa Umgeni ku Durban. Munthu akalowa m'shopumo samuona msanga. Amayamba waona mipukutu ya nsalu yoimikidwa mpaka kudenga, kenako amamva makina osokera akulira chamkati. Akafunsa kuti, "Nanga katani ameneyu adzaoneka bwanji m'nyumba mwanga?" m'pamene mwini shopu, mayi wina wachimwenye, amamutengera kwa Raihana. Amakamupeza ali pakompyuta, mpango utakulungidwa bwino kumutu, kachidutswa ka nsalu kali m'manja, akukapendeketsa uku ndi uku chapawindo.

Ntchito yake ndi kujambula zipinda zimene sizinakonzedwe. Kasitomala amabweretsa miyeso ya chipinda, n'kusankha nsalu, matailosi ndi mtundu wa penti. Raihana amamanga chipindacho m'kompyuta, n'kutulutsa chithunzi chooneka ngati wina analowamo ndi kamera. Odziwa ntchitoyi amati kurenda. Iye akamafotokozera mayi ake pafoni amangoti, "Ndimaonetsa anthu nyumba zawo asanazione."

Kwawo ndi ku Namwera, m'boma la Mangochi. Bambo ake anali telala pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo iye anakulira pamenepo, akutola tizidutswa pansi pa makina. Asanadziwe kuwerenga anali atadziwa kale kuti nsalu ina imamwa kuwala, ina imakubweza, ndi kuti nsalu yooneka yakuda mumthunzi imatha kukhala yobiriwira ukaitulutsa padzuwa. Sukulu sanapite nayo patali. Anakwatiwa ndi Shamsudin, mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, amene anatsogola kupita ku Joni n'kupeza ntchito yosenza katundu m'nyumba zosungiramo zinthu pafupi ndi doko la Durban. Patapita nthawi Raihana anamutsatira, mwana wawo Shamila atamusiya ndi agogo ake. Anapeza kachipinda ka lendi ku Overport, dera lina la mumzindamo, ndipo mwamwayi anapeza ntchito yopinda mipendero ya makatani m'shopu muja.

Za kompyuta anazilowera pakhomo lakuseri. Kale zithunzizo ankapanga mnyamata wina wophunzira, ndipo Raihana ndiye ankatumidwa kukamupatsa zidutswa za nsalu zimene makasitomala asankha. Akapereka sankachoka msanga. Ankaima kumbuyo kwake n'kumaonerera, nthawi zina n'kufunsa, ndipo mnyamatayo anali wopanda kaduka, ankamusiyira mpando pa nthawi ya nkhomaliro. Mnyamatayo atapeza ntchito ina ku Johannesburg, kompyuta inakhala yovundikiridwa ndi nsalu mpaka tsiku limene mwini shopu anapeza Raihana ataivundukula.

"Ukuidziwa imeneyo?" anamufunsa m'Chingerezi.

"Pang'ono, madamu."

"Pang'ono ndi bwino kuposa kuivundikira. Yesa."

Zithunzi zake zoyamba zinali zakufa. Chilichonse chinalimo, miyeso inali yolondola, koma mipando inkaoneka ngati ikuyandama, makoma ali mbee paliponse, makatani ali chilili ngati malata. Kasitomala wina anayang'ana n'kuseka, akuti chikuoneka ngati nyumba ya chidole. Raihana zinamupweteka, koma sanatsutse, chifukwa naye ankaona chomwecho. Chimene sankadziwa n'chakuti cholakwika chili pati.

Anachipeza tsiku lina ku Umhlanga, atatumidwa kukapachika makatani m'nyumba yosanja yoyang'ana kunyanja. Bambo woboola khoma anachedwa, ndiye Raihana anakhala pansi n'kumangoyang'ana chipindacho. Kuwala kunkalowera mbali imodzi yokha. Kunkagwera pa matabwa a pansi, n'kudumphira kudenga kutatenga kale mtundu wa matabwawo. Pansi pa sofa panali bii. M'makona munali kamdima kofewa. Iye m'zithunzi zake ankaika getsi m'ngodya iliyonse kuti pasabisike kanthu, osadziwa kuti akupha mithunzi, pamene mithunzi ndiyo imakhazika mpando pansi.

Atabwerera ku shopu anazimitsa magetsi onse a m'chithunzi chimene ankapanga, n'kusiya dzuwa ndi thambo zokha. Chipindacho chinadzuka pomwepo. Kuyambira pamenepo anayamba kuyang'ana zinthu mwa mtundu wina. Nsalu iliyonse ankaiyala pafupi ndi windo n'kuijambula ndi foni mpaka ulusi wake uoneke, kuti kompyuta isamangopaka mtundu wokha. Makatani ankawapatsa makwinya osafanana, ena aakulu ena aang'ono, monga amagwera katani weniweni. M'mphepete mwa tebulo ankaviringitsa pang'ono kuti pagwire kamzere ka kuwala, pakuti palibe kalipentala amene amasiya thabwa lakuthwa ngati lezala. Matailosi anawachepetsa kunyezimira, chifukwa pansi si kalilole. Tsiku lina anafika poika kachifunga ka mchere pa galasi la windo, monga amaonekera mawindo onse a kufupi ndi nyanja.

"Raihana, anthu sabwera kuno kudzagula litsiro," anatero mwini shopu.

"Si litsiro, madamu. Ndi mpweya wa kunyanja."

"Chepetsa mpweyawo."

Anachepetsa, koma sanachotse konse, ndipo palibe kasitomala amene anadandaula.

Kunja kwa shopu Raihana ndi munthu wa phee. M'tekisi sayankhula. Anaphunzira msanga kuti Chichewa ndi Chiyao amazisunga m'kamwa mpaka akafike kunyumba, ndipo foni ikalira pagulu amangoyankha ngati nzika ya kumeneko kuti, "Yebo, sharp," n'kudula. Mmawa wina akupita kukayeza mawindo ku Umhlanga, tekisi inaima mwadzidzidzi, ndipo mayi wachikulire amene anakhala pambali pake anafuula kuti, "Mayo ine!" Kenako anagwira pakamwa. Raihana sanatembenuke, koma onse awiri atatsika anawatsatira pang'ono n'kunena chapansipansi, "Mwadzuka bwanji, amayi?"

Mayiwo anaima n'kumuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. "Iwe mwana iwe, unandimva?"

"Ndinakumvani."

Anaseka onse, koma mobisa. Mayiwo anali a Felister, a ku Mulanje, mbali ya ku Likhubula. Anali atagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Umhlanga kuyambira ana a m'nyumbamo akukwawa mpaka pamene anapita ku yunivesite. Kuchokera tsiku limenelo, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankafika ku Overport. Raihana ankatereka tiyi, Shamsudin akakhala kuti sali pa shifiti ankapereka mpando n'kukhala pabedi, ndipo chitseko chikatsekedwa Chichewa chinkatuluka chonse, chaphokoso. Nthawi ya swala ikakwana a Felister ankangokhala chete ndi kapu yawo mpaka eni nyumba amalize.

Lamulungu lina anatulutsa foni n'kuonetsa zithunzi: makoma a njerwa zootcha, mulu wa mchenga, denga la malata longokhomedwa kumene. Inali nyumba yawo, imene mchimwene wawo Saulosi, mmisiri womanga, ankawamangira kumudzi. Iwo anali asanaipondemo.

"Mwananga," anatero, "zija umachitira azungu zija, sungandichitireko? Ndingoona pabalaza pokha. Ndikamakolopa nyumba ya eni ake ndizidziwa chimene ndikukolopera."

Raihana anavomera. Saulosi anatumiza miyeso pafoni, mwini shopu analola kuti agwiritse ntchito kompyuta Loweruka masana shopu ikatsekedwa, ndipo iye anaikapo luso lake lonse. Anayala matailosi oyera, anaika sofa yotuwa, makatani opepuka ofika pansi, ndi dzuwa la mmawa likulowa chopendekera mpaka pakati pa chipinda. Loweruka lotsatira a Felister anabwera kudzaona. Anavala magalasi awo n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Eish, ndi yokongola," anatero potsiriza.

"Koma?"

"Koma iyi ndi nyumba ya madamu anga. Ine ndikalowa muno ndiyamba kufunafuna chokolopera."

Raihana anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anakoka mpando wina. "Khalani apa, amayi. Ndiuzeni inuyo."

Anayamba ndi pansi. A Felister sankafuna matailosi, ankafuna simenti yofiira, yopaka polishi n'kupukuta ndi chiguduli mpaka iwale. Makoma apakidwe laimu, koma kuyambira pansi kufika m'chiuno pakhale penti ya mafuta yabuluu, kuti zidzukulu zikagwira ndi manja akuda azingopukuta. Mipando ikhale yamatabwa yokhala ndi makushoni, tebulo la mbawa, kabati ya magalasi ya mbale za alendo. Siling'i adzaika m'tsogolo. Pakadali pano malata ndi mitanda zioneke.

Zinthu zimenezi munalibe m'pulogalamu ya Raihana, moti anachita kuzipanga yekha. Laimu anaipanga yosanyezimira konse, yokhala ndi timizere ta burashi, yoyera mosafanana. Penti ya mafuta anaipatsa kung'anima pang'ono. Simenti ndiyo inamuvuta. Ikanyezimira kwambiri inkaoneka ngati yathiridwa madzi, ikachepa inkaoneka ngati dothi. Anakumbukira pansi pa sitolo imene bambo ake ankasokerapo, mmene pankawalira kwambiri pakati, pamene chiguduli chimadutsa kawirikawiri, n'kuzilala chakumakona. Atachita zimenezo chithunzi chinatuluka pang'onopang'ono, ndipo a Felister anasendeza nkhope pafupi.

"Aa! Nanga khomali lafiira bwanji pansipa? Ndinati buluu."

"Ndi simenti ikubweza kuwala, amayi. Kufiira kwake kukukwera khoma."

A Felister anayang'anitsitsa khomalo. "Zoona," anatero. "Kunyumba kwa malemu amayi kunkatero." Anapitiriza kuyang'ana, kenako analoza chigamba cha dzuwa pansi paja. "Koma dzuwa ili lachokera kuti?"

"Kum'mawa. Si ndi kumene windo layang'ana?"

"Kwathu mmawa kulibe dzuwa lotere. Phiri limalisunga. Limadzatulukira pamwamba ana a sukulu atalowa kale m'kalasi."

Raihana anali asanaganizeko za phiri. Kwawo ku Namwera kuli mapiri, koma osati lotchinga theka la thambo. Anaimbira Saulosi n'kumupempha kuti aime pakati pa chipindacho ndi foni, azungulire pang'onopang'ono, mmawa, masana ndi madzulo. Saulosi anadabwa koma anachita. Zimene anatumiza zinaonetsa kuti pabalazapo pali windo limodzi lokha, loyang'ana kuphiri. Kunja kwake kuli khonde lalikulu, ndipo patsogolo pa khondelo pali mtengo wa mapeyala wa masamba othithikana.

Zonsezi Raihana anaziika mmene zilili. Phiri analiimika ngati chikhoma chachikulu kum'mawa, anaika denga la khonde ndi mtengo, ndipo dzuwa anauza kompyuta kuti liyende monga limayendera ku Mulanje, osati ku Durban. Chithunzi chinatuluka chamdima. Simenti yofiira ija inasanduka yoderako, laimu inatuwa, kabati inangooneka ngati chithunzithunzi pakona. Anayesa nthawi ya masana, anayesa madzulo, anayesa miyezi yosiyanasiyana. Panalibe kusintha kwenikweni.

A Felister ataona anakwinya nkhope. "Chawonongeka n'chiyani? Onjezeramo kuwala, mwananga, ngati poyamba paja."

Raihana akanatha. Kunali kungosuntha kachizindikiro kamodzi, ndipo mayiwo akanapita ndi chithunzi chowasangalatsa. Anagwira kachidutswa ka nsalu kamene kanali patebulo n'kumakapinda, kukafunyulula.

"Ndingathe kuonjezera, amayi," anatero. "Koma ndikhala ndakunamizani. Nyumba yeniyeniyo ikamalizidwa mmene ililimu, mudzakhala chonchi."

A Felister anavula magalasi n'kuwaika pamiyendo. Kunja magalimoto ankadutsa pa Umgeni. Kenako anayamba kuyankhula, maso ali pakompyuta.

"Chipinda chimene ndimagona ku Umhlanga chili kuseri kwa galaji. Windo lake linayang'anizana ndi mpanda. Kuti ndilowetse ulusi pa singano masanasana, ndimayatsa babu. Zaka zonsezi. Sindinamange nyumba kuti ndikayatsenso babu masana."

"Tiyeni tiyese china," anatero Raihana.

Anaboola windo lina m'kompyutamo, poyamba kumadzulo. Kuwala kunalowa, koma kunali kwaukali, kolasa m'maso, ndipo a Felister anati mwezi wa Okutobala munthu angapse m'menemo. Analitseka n'kuboola khoma la kumpoto. Anaika mwezi wa Juni, nthawi ya kuzizira: dzuwa linalowa n'kugona pasimenti, kufiira kunakweranso khoma, magalasi a kabati anaphethira. Anaika nyengo yotentha: dzuwa linadutsa pamwamba pa denga osalowa, koma m'chipindamo munali mowala bwino. Anaikanso tsiku la chiperoni, la mitambo ndi mawawa, ndipo ngakhale pamenepo munthu akanatha kusoka.

A Felister sanadikire. Anaimbira mchimwene wawo pomwepo, foni ataikweza mawu kuti Raihana amve.

"Saulosi, khoma la kumpoto lija uboole windo."

"Achemwali, khoma ndinamaliza kalekale! Mawa lino ndimati ndiyambe pulasitala."

"Ndiye bwino sunayambe."

"Mbali imeneyo ndi ya kunjira. Aliyense wopita kuchigayo azidzakusuzumirani."

"Asuzumire. Ndidzawapatsa moni."

Raihana anatumiza chithunzicho, ndipo Saulosi anachiyang'ana bwinobwino. Atayankhulanso mawu ake anali atasintha, anali a mmisiri. Anati windo lotambalala choncho silingatheke, chifukwa pamwamba pake m'pamene pakhala mtanda waukulu wa denga, ndipo khoma lingang'ambike. Koma akhoza kuboola locheperako m'lifupi, lotalika m'mwamba, ataliyandikizitsa kukona.

"Mundiuze miyeso yake, bambo," anatero Raihana.

Anamuuza, iye anakonza, n'kutumizanso. Chigamba cha dzuwa chinachepa, koma chinafika patali mkati, mpaka pamiyendo ya tebulo.

"Chabwino," anatero Saulosi. "Koma achemwali, mundiuziretu ngati kompyuta yanuyo ili ndi maganizo enanso, ndisanasakanize simenti."

Katani wa windo limenelo anasoka Raihana ndi manja ake, pa makina amene anayambira ntchito. Anasankha nsalu ya mtundu wa mkaka, yosakhuthala kwambiri, yoti wodutsa kunjira asaone mkati koma kuwala kudutse. Chaka chotsatira mawondo a a Felister anayamba kukana masitepe a ku Umhlanga, ndipo anatsanzika kwa mabwana awo. Raihana ndi Shamsudin anawaperekeza kokwerera basi, Shamsudin atasenza zikwama. Pamenepo panali anthu akumudzi okhaokha, moti anatsanzikana m'Chichewa mokweza, ndipo a Felister anamukumbatira Raihana nthawi yaitali.

Mbiri ya windo lija inafalikira pakati pa Amalawi a ku Overport ndi kwina. Masiku ano Loweruka masana sipalephera kufika wina ndi zithunzi za makoma pafoni: mlonda wa ku Umhlanga, mayi wogulitsa zovala ku KwaMashu, mnzake wa Shamsudin wa kudoko. Raihana amawakhazika pampando n'kuyamba ndi mafunso amene amawadabwitsa. Dzuwa limatulukira mbali iti ya nyumbayo? Pafupi pali mtengo wanji? Pansi mukufuna pazioneka ngati pa ndani? Ena amadziwa mayankho nthawi yomweyo. Ena amazindikira kuti aiwala, ndipo amaimba foni kumudzi. Nyumba yake yeniyeni Raihana sanaijambulebe, chifukwa iye ndi Shamsudin sanagwirizane malo. Mwamunayo akufuna pa boma ku Mangochi, iye akufuna ku Namwera pafupi ndi mayi ake ndi sukulu ya Shamila. Nkhaniyi amaikambirana popanda kukangana, ndipo sinathe.

Uthenga wa a Felister unafika mwezi wa Juni, Lamulungu masana, Raihana akusita yunifolomu ya mwamuna wake. Unali wa mawu, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka tambala ndi ana akukanganirana chinachake.

"Mwananga, ndine. Ndafika bwino kalekale, foni ndi imene inavuta. Ndikuyankhula pano ndakhala pansi, miyendo ndatambasulira padzuwa. Mipando sindinagule, pakona ponse padzaza matumba a chimanga cha Saulosi, akuti kwake kukudontha. Zidzukulu zikumalimbirana malo a dzuwawa ndi mphaka. Koma katani uja watalika, akukwekwereza pansi n'kumatola polishi. Mpendero wake wafiira kale."

Raihana anaimika simbi n'kuyankha kuti apite naye kwa telala aliyense wa pamsika, angopinda pang'ono, si ntchito yaikulu. Yankho silinachedwe.

"Telala wa kuno asandigwirire katani wanga. Mukadzabwera kudzaona mwana, mudzadutse kuno udzapinde wekha. Ufa ulipo, malo ogona alipo."

Shamsudin, amene ankamvetsera ali pabedi, anaseka. "Amake Shamila, kuchoka ku Namwera kukafika ku Mulanje chifukwa cha mpendero?"

"Mudzanyamula chikwama ndinu," anatero Raihana, n'kutembenuza malaya kuti asite kolala.